Kusintha Waya wa Magiya pa Njinga ya M'mapiri

Waya wa magiya saduka mongodzidzimutsa, amachenjeza kaye. Mukakankha shifita, chosinthira magiya cha pa handulo, tcheni chimazengereza, kenako n'kudumpha magiya awiri nthawi imodzi. Lero mwakonza bwinobwino, mawa lake zasokonekeranso. Nthawi zina chala chimamva kuti shifita yayamba kulimba ngati mwalowa mchenga. Chifukwa chake n'chakuti wayayo si chitsulo chimodzi, ndi tiwaya tambiri topotedwa pamodzi ngati chingwe, ndipo timaduka kamodzikamodzi. Kawirikawiri timadukira m'kati mwa shifita, pafupi ndi kamutu ka waya, pamene diso silifika. Tikatsala tiwiri kapena titatu, mudzangomva kuti thu muli pakati pa chitunda, shifita n'kupepuka, tcheni n'kugwera pa sipuloketi (gudumu la mano la kumbuyo) yaing'ono kwambiri, ija yolemera kupalasa kuposa zonse.

Musanagwire chida chilichonse, dziwani kaye mmene zinthuzi zimagwirira ntchito, chifukwa mukatero zotsatirazi simuchita kuloweza. Derailleur ya kumbuyo, chida chimene chimasamutsa tcheni pa masipuloketi, ili ndi sipuling'i imene nthawi zonse imafuna kubwezera tcheni ku sipuloketi yaing'ono. Shifita ndiyo imalimbana nayo: ikalira kuti ke, yakoka waya muyeso wina wake, kapena yamumasula muyeso womwewo. Waya amayenda m'kati mwa kapaipi kakuda kochokera ku handulo, ndipo kapaipiko ndi kamene kamachititsa kuti mphamvu ya chala chanu ikafike kumbuyo ngakhale njira yake ndi yokhotakhota. Nzeru imeneyi ndi yakale, Ernest Bowden anailembetsa mu 1896. Koma magiya owerengera, aja oti ke mmodzi ndi giya imodzi, anafala kampani ya Shimano itatulutsa njira yake yotchedwa SIS mu 1984. Chiyambire nthawiyo shifita imagwira ntchito mwakhungu. Siidziwa pamene tcheni chili, imangokoka muyeso wake basi. Pa njinga ya masipuloketi 12 kumbuyo, kuchoka pa sipuloketi imodzi kufika pa inzake sipakwana mamilimita 4. Ndiye waya akangokakamira pang'ono m'kapaipi, zonse zasokonekera.

N'chifukwa chake ine ndimati mukamasintha waya, sinthaninso kapaipi. Ndinaphunzira mowawa. Ulendo woyamba ndinagula waya yekha, n'kumulowetsa m'kapaipi kakale poti kunja kwake kankaoneka kabwinobwino. Pokwera ku masipuloketi aakulu zinkayenda, koma potsika tcheni chinkachita ngati chikuganiza kaye. Ndinakhala madzulo onse ndikupotokola uku ndi uku. Nditatopa ndinavula kachisoti ka kumapeto kwa kapaipi, pafupi ndi derailleur, ndipo ndinapeza tiwaya ta m'khoma mwa kapaipiko tatulukira kunja ngati ndevu, m'kati muli phala lofiirira la dzimbiri ndi matope. Waya watsopano uja ndinali nditamudetsa kale.

Onani kaye ngati vuto ndi wayadi

Imikani njinga moti tayala la kumbuyo likhale m'malere. Ngati mulibe choimikapo, ikolekeni ndi chingwe pa chishalo. Imani kumbuyo kwake muyang'ane derailleur: timawilo take tiwiri tiyenera kukhala mzere umodzi woongoka pansi pa sipuloketi. Ngati tapendekera m'kati, chakhota ndi kachitsulo kopachikapo derailleur, kamene amati hanger, ndipo ngakhale mugule waya wabwino chotani magiya sadzalongosoka. Pa njinga za m'mapiri zimenezi zimachitika kwambiri, kugwera mbali ya kumanja kamodzi kokha n'kokwanira.

Ngati hanger ili bwino, masulani kabawuti kopana waya pa derailleur, gwirani nsonga ya waya ndi zala n'kumaikoka pang'ono, dzanja linalo likudina shifita. Waya wabwino amatsetsereka mosalala mbali zonse ziwiri. Mukamva kukhakhala, kapena akamabwerera modukizadukiza, mwalipeza vuto.

Zofunika kukhala nazo pafupi

Waya wa magiya ndi wa mamilimita 1.1 kapena 1.2 kunenepa kwake, ndipo kamutu kake ndi kakang'ono, kozungulira motalika ngati kambiya. Wa Shimano ndi wa kampani ina ya SRAM amalowana. Wa mabuleki ndi wonenepa, wa mamilimita 1.5 kapena 1.6, ndipo salowa m'shifita. Ngati pali kusankha, tengani wa chitsulo chosachita dzimbiri. Nthawi zambiri amabwera wopitirira mamita awiri, ndiye amakwana pa njinga iliyonse wamba.

Kapaipi ka magiya kambiri ndi ka mamilimita 4, ndipo tiwaya ta m'khoma mwake timayenda motsata utali wa kapaipi kuti kasamafinyike waya akakokedwa. Ka mabuleki ndi ka mamilimita 5, chitsulo chake n'chozengezazengeza ngati sipuling'i. Mukaika ka mabuleki pa magiya, magiya amakhala ofewa, osadziwika bwino pamene agwera. Koma choopsa ndi kuika ka magiya pa mabuleki: kakhoza kuphulika tsiku limene mwagwira buleki mwamphamvu. Musayerekeze.

Mufunikanso tizisoti ta kumapeto kwa kapaipi, kachisoti kamodzi kofinyira kunsonga ya waya, Allen key wa mamilimita 4 kapena 5 malinga ndi derailleur yanu, sikuludiraiva ya nyenyezi, kamsomali kosongoka, ndi chodulira mawaya a njinga. Ma derailleur ena a SRAM amafuna chomasulira cha mtundu wina chotchedwa Torx T25. Pa zida zonsezi chodulira ndicho sindinganyengerere. Milomo yake imazungulira waya n'kumudula mbali zonse nthawi imodzi. Pulayala wamba amangophwanya waya, nsonga n'kuyanzika ngati tsache, ndipo waya woyanzika salowanso m'kapaipi.

Kuchotsa wakale

Jambulani ndi foni malo atatu: mmene mapaipi adutsira kutsogolo kwa handulo, mmene kapaipi kalowera pa derailleur, ndi mmene waya wadutsira pa kabawuti kopana. Chithunzi chachitatuchi mudzachifuna.

Zungulitsani pedulo ndi dzanja, dinani shifita mpaka tcheni chifike pa sipuloketi yaing'ono kwambiri, ndipo pitirizani kudina mpaka itasiya kulira. Apa m'pamene kamutu ka waya kamayang'anizana ndi bowo lotulukira. Ngati derailleur yanu ndi ya Shimano yokhala ndi kaswitchi kolimbitsa tcheni, kazimitseni kuti derailleur isamalimbe poikankha ndi dzanja. Dulani waya pamwamba pa kachisoti ka kunsonga, masulani kabawuti kopana.

Pa mashifita ambiri a Shimano pali kasikuluwu ka pulasitiki kotseka bowo, kamatuluka ndi sikuludiraiva ya nyenyezi. Kaikeni m'thumba nthawi yomweyo, ndi kakang'ono ndipo kakagwa pansi kamasowa. Pa SRAM, ena ali ndi kotsekera ka labala, ena mumachita kuvundukula chivundikiro chapamwamba. Mukavundukula, musasokoneze sipuling'i ya m'katimo. Mashifita opotokola pa chigwiriro, monga Grip Shift, aliyense ali ndi katsegulidwe kake, ndiye onani malangizo a mtundu wanuwo musanayambe kukanula.

Ngati kapaipi sikadutsa m'kati mwa fulemu, kankhani waya kuchokera kumbuyo, kamutu katulukira pa bowo, kenako mukokeni yense. Ngati anayanzikira m'kati, pamafunika kuleza mtima. Kolani kamutuko ndi kamsomali, walitsani tochi m'bowomo, ndipo muchotse kachidutswa kalikonse ka waya kotsalira. Kamodzi kokha kakatsala kamakola mano a shifita, n'kumaoneka ngati shifita yafa pamene ili bwinobwino.

Ngati kapaipi ka njinga yanu kamadutsa m'kati mwa fulemu, imani kaye, musasolole. Waya wakale ndi amene akutsogolereni. Njira yosavuta ndi iyi: siyani waya wakale m'kati mwa fulemu, sololani kapaipi kokha, kenako kwezani katsopano potsata waya yemweyo mpaka katulukire mbali inayo. Kuti zimenezi zitheke, dulani waya pafupi ndi shifita m'malo momusolola yense. Mafulemu ena ali ndi njira yake m'kati moti kapaipi mumangokankha n'kutulukira kokha, koma musaganize kuti yanu ndi yotero musanaone. Kusakasaka bowo lotulukira ndi maginito ndi ntchito yodya maola.

Kudula kapaipi

Apa m'pamene ntchito yonse imakomera kapena kuipira. Ngati kakale kanali ka utali woyenera, gonekani katsopano pambali pake mudule mofanana. Ngati mukukayika, yesani pa njinga pomwepo. Lowetsani mbali imodzi m'shifita, tembenuzani handulo mpaka kumapeto kumanzere ndi kumanja. Kapaipi kasakokeke, komanso kasachite chikhwekhwe chachikulu choti n'kukola nthambi. Pa njinga yokhala ndi shoko ya kumbuyo, kumbukirani kuti fulemu imapindika mukamayenda: tsamirani pa chishalo mwamphamvu muone ngati kapaipi kakukokeka. Kakakhala kakafupi, magiya amasintha okha nthawi iliyonse mukagunda bampu, ndipo mudzaimba mlandu derailleur yosalakwa. Mukakayika, dulani motalikirapo. Kufupikitsa n'kotheka, kutalikitsa ayi.

Dulani kamodzi, mwamphamvu ndi mwachangu, chodulira chitaima chilili. Yang'anani pamene mwadulapo: payenera kukhala pathyathyathya, tiwaya tonse tofanana. Kapulasitiki ka m'kati kamakhala katafinyika, ndiye lowetsani kamsomali muzungulitse mpaka bowo likhalenso lozungulira. Vekani kachisoti, kakankheni mpaka kafike penipeni. Kachisoti kosafika kamadzakhazikika kokha pakapita masiku, ndipo magiya amene munakonza bwino aja amasokonekera.

Mapaipi ambiri atsopano amabwera ndi mafuta ake m'kati. Girisi wolimba musaikemo, amagwira waya m'malo momutereretsa, ndipo amasonkhanitsa fumbi. Ngati kapaipi n'kouma, kadontho ka mafuta opepuka kopaka pa waya ndi zala n'kokwanira.

Kulowetsa watsopano

Dinaninso shifita mutsimikize kuti yamasukiratu. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa. Shifita ikakhala pa giya ina, waya amalowabe n'kutulukira mbali inayo ngati zonse zili bwino, koma kamutu kamakhala kataphonya mpando wake. Suzumirani m'bowo: muyenera kuona kuwala kudutsa mpaka kotulukira. Lowetsani nsonga mwaulemu. Ikakana musaikakamize, ibwezeni pang'ono, ipotokoleni motsata mmene tiwaya tapotedwera, yesaninso. Ikatulukira, kokani mpaka kamutu kakhale m'malo mwake. Musanapitirire, gwirani waya ndi dzanja limodzi, dinani shifita ndi linalo. Mukamva akukokedwa pa ke aliyense n'kubwerera mukamasula, bwezerani kotsekera kaja.

Pamene waya amatulukira m'shifita pali kagudumu kopotokola ndi zala, kamene amati barrel adjuster. Pa njinga zambiri za m'mapiri za masiku ano kamapezeka pa shifita pokha, koma zakale zina zili nakonso pa derailleur. Kamangeni mpaka kumapeto, kenako kamasuleni kuzungulira kamodzi kapena kawiri. Mukatero mwadzisiyira mpata wokonzera mbali zonse ziwiri.

Pititsani waya m'kapaipi, khazikani kachisoti kalikonse m'malo mwake pa fulemu ndi pa derailleur. Tsopano tsegulani chithunzi chija. Pansi pa kabawuti kopana pali kangalande kamene waya amagonamo, ndipo ma derailleur ena, makamaka a SRAM, amafuna kuti waya ayambe wazungulira kanjira kokhota asanafike pa kabawuti. Mukamudutsitsa mbali yolakwika ya kabawuti, muyeso umene derailleur imasuntha pa ke aliyense umasintha. Zotsatira zake n'zozunguza mutu: magiya atatu oyamba amalowa bwino, apakati amalira, omaliza amakana, ndipo kupotokola kagudumu kumangosamutsa vutolo.

Tcheni chili pa sipuloketi yaing'ono, kokani waya ndi zala kuti angowongoka. Musamukoke ndi mphamvu zonse, derailleur isasunthe. Mangani kabawuti. Shimano imanena 6 mpaka 7 Nm, muyeso wa mphamvu yomangira bawuti. Ngati mulibe sipanala yoyezera, mangani mpaka waya aphwatalale pang'ono pansi pa kambale ka kabawutiko, osati mpaka tiwaya tiyambe kuduka.

Waya musamudule msanga. Zungulitsani pedulo, kwezani tcheni mpaka sipuloketi yaikulu n'kutsitsanso, kasanu kapena kupitirira. Ngati pali pamene waya ali poyera pa fulemu, mukokeni ndi zala ngati uta. Anthu amati waya watsopano amatamuka, koma kwenikweni ndi tizisoti ndi kapaipi zimene zikukhazikika m'malo mwake. Bwererani ku sipuloketi yaing'ono. Ngati waya wakhwepa, masulani kabawuti, muwongoleninso, mangani.

Kulongosola magiya

Pa derailleur pali tisikuluwu tiwiri tolembedwa H ndi L. Tisiyeni. Ntchito yake ndi kuika malire kuti tcheni chisagwere kunja kapena m'masipoko, ndipo kusintha waya sikusuntha malire amenewo. Ngati magiya ankafika bwino kumapeto konse vuto lisanayambe, tili bwino. Ndaonapo anthu ambiri akuthamangira tisikuluwu timeneti poti n'timene tikuoneka, mapeto ake vuto limodzi n'kusanduka atatu. Ntchito yonse yotsala ili pa kagudumu kaja.

Lamulo lake ndi limodzi. Kumasula kagudumu, ngati mukukatulutsa, kumalimbitsa waya, ndipo tcheni chimasendera ku masipuloketi aakulu. Kukamanga kumakhwepetsa waya, tcheni n'kusendera ku aang'ono.

Yambirani pa sipuloketi yaing'ono. Zungulitsani pedulo, dinani kamodzi. Ngati tcheni sichikukwera pa yachiwiri, masulani kagudumu pang'onopang'ono uku mukuzungulitsa pedulo mpaka chikwere. Chikakwera, pitirizani kumasula mpaka mumve chikukhudza sipuloketi yachitatu, kamalira kuti tseketseke. Ndiyeno bwezerani, kotala ya kuzungulira nthawi imodzi, mpaka phokosolo lithe. Pamenepo muli pafupi kwambiri. Kwerani magiya onse limodzi ndi limodzi, tsikaninso. Ngati chikuzengereza pokwera, masulani kotala. Ngati chikuzengereza potsika, mangani kotala. Musapotokole kawiri musanayese, mudzasokonezeka n'kuiwala kumene mwachokera.

Ngati chikuzengereza mbali zonse ziwiri, kagudumu sikakuthandizani. Penapake waya akukhuzika: kapaipi kapindika kwambiri, bowo simunalitsegule bwino, kapena kachisoti kakhala mopendekera. Pali ma derailleur ena akale a Shimano, otchedwa Rapid Rise, amene sipuling'i yake imakokera ku sipuloketi yaikulu. Ngati yanu ndi yotero, zonse ndanenazi zitembenuzeni: waya mumamumanga tcheni chili pa yaikulu.

Zikalongosoka, dulani waya kusiya masentimita awiri kapena atatu kupitirira kabawuti, vekani kachisoti, kafinyeni kawiri. Waya wosavala amayanzika m'masiku ochepa ndipo amabaya zala. Wautali kwambiri amakodwa m'tcheni kapena m'masipoko. Yatsaninso kaswitchi kolimbitsa tcheni kaja, yesani magiya kachiwiri chifukwa nthawi zina kamasintha pang'ono mmene akugwera, kenako tulukani mukapalase. Njinga yopachika ndi njinga yonyamula munthu sizisintha magiya mofanana, ndiye kotala yomaliza mudzapotokola muli pa chishalo.

Ngati njinga yanu ili ndi derailleur ya kutsogolo, njira ndi yomweyi. Tcheni chikhale pa sipuloketi yaing'ono ya kutsogolo, shifita ya kumanzere itamasukiratu, ndipo kagudumu mumakapotokola mpaka tcheni chisiye kukhuza m'mbali mwa derailleur.

Waya akadukira kutchire

Simufunika kukankha njinga ulendo wonse. Zungulitsani pedulo uku mukukankha derailleur ndi chala mpaka tcheni chikwere pa sipuloketi yopepukirapo, ndipo mangani kasikuluwu ka H kuti derailleur isabwerere. Apa pokha m'pamene ndikuvomereza kukagwira. Werengani kuti mwazungulitsa kangati, mudzabwezere chimodzimodzi mukafika. Kasikuluwuko n'kakafupi, kamangokupatsani masipuloketi awiri kapena atatu.

Mukafuna giya yopepuka kuposa pamenepo, gwiritsani ntchito waya wodukayo. Ngati kamutu kadakalipo, chotsani wayayo m'shifita, mulowetseni pa bowo la derailleur pamene kapaipi kamakhala, kamutu kakole pomwepo. Kankhani derailleur ifike pa sipuloketi imene mukufuna, kokani waya, mangani kabawuti, wotsalayo mupindepinde kutali ndi masipoko. Ngati kamutu n'kamene kaduka, mangani mfundo pa wayayo igwire ntchito ya kamutu. Sankhani sipuloketi ya pakati, yoti mukhoza kukwera nayo chitunda chimene chatsala kutsogolo, chifukwa ndi yomweyo imene mufike nayo.